Kukonzanso Nyumba ya Kanema ya Majestic ku Zanzibar ndi Funso la Chiyankhulo

1. Mawu Oyamba

Ena mwa ife angadabwe kuona kuti pamsonkhano wa akatswiri a ziyankhulo pakukambidwa za denga lodontha ndi mipando yothyoka. Kukonza nyumba ndi ntchito ya amisiri, ndipo ife sitinganamizire kudziŵa za mizati ndi simenti kuposa iwo. Komabe nyumba imene tikuikamba pano idamangidwa kuti anthu azisonkhanamo kudzaona ndi kudzamva nthano, ndipo paliponse pamene nthano ikumvedwa pamakhala chiyankhulo. Nkhani ino ikunena za Majestic, nyumba yakale yoonetseramo kanema mumzinda wa Zanzibar, ndi za maganizo oikonzanso kuti ikhale ya anthu onse ndiponso ya maphunziro. Mfundo yathu ndi imodzi: ntchito yotereyi siingathe bwino ngati funso la chiyankhulo chodzamveka m'katimo lisiyidwa kuti lidzayankhidwe utoto utauma kale.

2. Mbiri ya Nyumbayi

Nyumba yoyamba pamalopa, m'dera la Vuga, idatsegulidwa mu 1921 ndipo inkatchedwa Royal. Mwini wake adali Hassanali Adamjee Jariwalla, wamalonda wa Chimwenye. Mapulani ake adalemba ndi John Sinclair, mkulu wa boma la Britain pachilumbapo, yemwenso adalemba mapulani a nyumba ya Beit el Amani. Pambuyo pake dzina lidasintha kukhala Majestic. Mu 1954 nyumbayo idapsa ndi moto, ndipo mu 1955 padaimanso ina yatsopano, yomangidwa m'kamangidwe ka Art Deco. Iyi ndiyo nyumba imene tikuikamba. Pamasiku amenewo mzindawu udali ndi nyumba zinanso za kanema, monga Empire ndi Sultana, imene idadzatchedwa Cine Afrique.

Zimene zidafoola Majestic ndi zomwezo zidafoola nyumba za kanema m'maiko athu onse. Zanzibar idatsegula wailesi yake ya kanema mu 1974, zaka 20 anthu a kumtunda kwa Tanzania asanakhale ndi yawo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 makina a vidiyo adayamba kuloŵa m'nyumba za anthu. Oonerera atachepa, ndalama zokonzera nyumba zidachepanso. Pofika zaka za m'ma 2000 denga linkadontha, mipando yambiri idali itathyoka, ndipo anthu ochepa okha ndiwo ankaloŵamo. Chodabwitsa nchakuti m'zaka zomwezo mzindawu udatchuka ndi chikondwerero cha mafilimu cha ZIFF, chimene kuyambira mu 1998 chakhala chikuonetsa mafilimu ake aakulu pabwalo lopanda denga la Ngome Kongwe.

Mu 2000 bungwe la UNESCO lidaika Mji Mkongwe, ndiwo mzinda wakale wa miyala wa Zanzibar, pamndandanda wa malo amene ndi choloŵa cha dziko lonse lapansi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2020, UNESCO, mothandizidwa ndi boma la Japan, idayamba kugwira ntchito ndi akuluakulu a Zanzibar pokonzekera kutsitsimutsa Majestic. Mabungwe a Hifadhi Zanzibar, ZIFF, Busara Promotions ndi Reclaim Women's Space adagwirizana pa cholinga choti nyumbayo idzakhale malo a kanema, a nyimbo, a misonkhano ndi a maphunziro. Cholingachi ntchabwino ndipo tikuchiyamikira. Chimene tikufuna kupenda ndi chinthu chimodzi chimene kaŵirikaŵiri chimatsalira m'mbuyo pa ntchito zamtunduwu.

3. Choloŵa Chooneka ndi Choloŵa Chomveka

UNESCO ili ndi mapangano aŵiri okhudza nkhaniyi. La mu 1972 limateteza malo ndi nyumba. La mu 2003 limateteza miyambo, luso ndi zokamba zapakamwa, ndipo limatchula chiyankhulo monga chotengera cha zinthu zimenezi. Pansi pa panganoli ndi pamene Gule Wamkulu wa Acheŵa a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique adalembedwa mu 2008. Majestic ikutetezedwa chifukwa ili m'kati mwa mzinda wolembedwa pansi pa pangano loyambalo. Motero nkwachibadwa kuti oikonza ayambe ndi kufunsa za mtundu wa utoto wa mu 1955, za mazenera ndi za khonde. Koma nyumba ya kanema ili ndi choloŵa cha mitundu iŵiri yonseyi, ndipo chomvekacho chimatha msanga kuposa chookenacho. Khoma lingaime zaka 100 osapakidwa laimu. Munthu amene adakhala pamzere wa matikiti mu 1956 sangadikire nthaŵi yonseyo.

Kodi m'Majestic munkamveka chiyani? Laura Fair, m'buku lake la mu 2018 lotchedwa Reel Pleasures, adasonkhanitsa zokumbukira za anthu ambiri amene ankaonerera kanema m'mizinda ya Tanzania. Iye akusonyeza kuti mafilimu okondedwa kwambiri adali a ku India, ndipo Awara ya Raj Kapoor ya mu 1951 idakhalitsa m'mitima ya anthu. Padalinso mafilimu a ku Egypt ndi a ku America. Amayi adali ndi nthaŵi zawozawo zoonerera, popanda amuna. Ambiri mwa oonererawo sankayankhula Chihindi, komabe nkhani ankaitsatira, ndipo akatuluka ankakaifotokozera anzawo pabaraza ndi m'makhitchini, akumatsutsana za khalidwe la mnyamata, za nkhanza za bambo wake ndi za chikondi choletsedwa. Maimbidwe ena a m'mafilimuwo adaloŵa m'nyimbo za taarab za m'mbali mwa nyanja.

Tikaona bwino, filimu ya Chihindi inkamalizidwa m'Chiswahili. Mawu otuluka m'makina adali achilendo, koma mawu onong'onezana mumdima, mawu okuwira wochita zoipa, ndi mawu ofotokozera agogo otsala kunyumba, onsewo adali a eni dziko. Khalidweli silidali la ku Zanzibar kokha. Hortense Powdermaker, amene adachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, adapeza kuti ogwira ntchito m'migodi ya mkuwa ankatcha ngwazi iliyonse ya m'mafilimu a okwera pa akavalo dzina limodzi loti Jack, namailimbikitsa mokweza m'chiyankhulo chawo. Oonerera a kwathu kuno sadakhalepo chete, ndipo zimene ankayankhulazo ndi gawo la mbiri ya ziyankhulo zathu limene silidalembedwe mokwanira.

Pa Zanzibar mfundoyi ili ndi kulemera kwapadera. Chiswahili cha pachilumbapa, Kiunguja, ndicho chidasankhidwa mu 1928 kukhala maziko a Chiswahili cholembedwa, ndipo komiti yoyang'anira kalembedwe kake idakhazikitsidwa mu 1930. Anthu amene ankadzaza Majestic adali eni ake a chiyankhulo chimene ana a sukulu a ku East Africa konse ankaphunzira m'mabuku. Momwe iwo ankakambira za chikondi, za nsanje ndi za chilungamo atatuluka mu kanema ndi umboni wa Kiunguja cha tsiku ndi tsiku, chosiyana ndi cha m'mabuku a sukulu.

4. Liwu Loti "Maphunziro"

Mapulani okonzanso nyumba za kanema mu Africa amakonda kutchula maphunziro, chifukwa opereka ndalama amamva msanga liwuli kuposa liwu loti chisangalalo. Ife a m'chigawo chino tiyenera kulimva mosamala, pakuti kanema ndi maphunziro zidakumanapo kale kwathu kuno.

Kuyambira mu 1935 kufikira mu 1937 kudali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yotsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, yemwe kale adali mkulu wa maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia. Ndalama zidachokera ku Carnegie Corporation, ndipo likulu lake lidali ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika. Adajambula mafilimu 35 ophunzitsa zinthu monga kusunga ndalama ku positi ofesi, kuumitsa zikopa ndi ubwino wa msonkho, nayenda nawo pagalimoto ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mawu ofotokozera ankajambulidwa pambale za galamafoni m'ziyankhulo zingapo, ndipo pakati pake padali Chiswahili, Chibemba, Chitumbuka ndi Chinyanja. Pambuyo pake, kuyambira mu 1948 kufikira mu 1963, bungwe la Central African Film Unit la ku Salisbury lidapitiriza ntchito yofananayo m'maiko atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Nthano zake zambiri zinkaika pamodzi munthu wanzeru womvera alangizi a boma ndi munthu wopusa wokakamira zakale.

Apa padabadwa kugaŵana kwa ntchito kumene tiyenera kukukumbukira. M'kanema wa masiku amenewo Chihindi, Chiarabu ndi Chingerezi zidali ziyankhulo za chikondi, za nyimbo ndi za ungwazi, pamene Chinyanja ndi Chiswahili zidapatsidwa ntchito yolangiza za zimbudzi ndi za migula ya m'munda. Munthu ankalipira tikiti kuti akamve chiyankhulo chachilendo, ndipo chake ankachimva ulere, chikumudzudzula. Nkosadabwitsa kuti ambiri adakula ndi maganizo oti filimu yeniyeni siiyankhula chiyankhulo cha kumudzi.

Pali njira ina yomvera liwu lomweli. Ousmane Sembène wa ku Senegal ankayerekeza kanema ndi sukulu ya madzulo ya anthu wamba. Iye adayamba ndi kulemba mabuku m'Chifalansa, koma ataona kuti anthu ake ambiri sangawaŵerenge adatembenukira ku kanema, ndipo mu 1968 adatulutsa Mandabi m'Chiwolofu. Sukulu ya Sembène inkaonetsa anthu moyo wawo womwe m'mawu awo omwe, nkuwasiya kuti aweruze okha. Choncho pamene okonza Majestic akunena za maphunziro, funso lathu ndi lakuti: maphunziro a Notcutt kapena a Sembène? Yankho lake lidzaoneka pa chiyankhulo. Masiku ano ngozi yasintha nkhope. Chiswahili sichikusoŵanso mafilimu, pakuti mafilimu a Bongo, amene Steven Kanumba adatchuka nawo asanamwalire mu 2012, adafika m'nyumba zambiri. Ngozi ya lero ndi yakuti nyumba yokonzedwa ndi ndalama zakunja, mumzinda wodzaza alendo odzacheza, imatsetserekera yokha ku Chingerezi: zikwangwani, ndondomeko ya zochitika, misonkhano ya ojambula mafilimu ndi zokambirana za pambuyo pa filimu. Palibe amene amalamula kuti zitero. Zimangochitika chifukwa palibenso amene adalamula kuti zisatero. Zikatero, mwana wa ku Ng'ambo, tsidya la anthu wamba la mzindawu, adzaona nyumba yoŵala bwino nadziŵa yekha kuti si yake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

5. Womasulira

Pali munthu mmodzi amene mbiri ya kanema mu Africa siingakambidwe popanda iye, ngakhale kuti mapulani a amisiri alibe chipinda chake. Ameneyu ndi womasulira. Mafilimu ambiri a Central African Film Unit adali opanda mawu, ndipo munthu ankaima pambali ndi chokuzira mawu kumafotokoza m'chiyankhulo cha deralo. James Burns, m'buku lake la mu 2002 lotchedwa Flickering Shadows, akusonyeza kuti akuluakulu a boma ankada nkhaŵa ndi omasuliraŵa, popeza sankatha kudziŵa ngati zonenedwazo zikugwirizana ndi zolembedwa papepala. Mphamvu ya filimu idali pakamwa pa munthu wolandira malipiro ochepa kuposa onse.

Luso limeneli silidafe. Ku Tanzania, Derek Gaspar Mukandala, wodziŵika ndi dzina loti Lufufu, adatchuka chifukwa choika mawu a Chiswahili pa mafilimu akunja, ndipo Matthias Krings adalemba za ntchito ya iye ndi anzake. Ku Uganda kuli omasulira otero a Chiganda. Ku Malaŵi nako, m'tinyumba ta vidiyo ta m'misika ndi m'makwalala, mafilimu a ku China, ku India ndi ku America amamveka m'Chicheŵa chodzaza nthabwala, maina opeka ndi zining'a za achinyamata. Omasuliraŵa amachita poyera chimene oonerera a Majestic ankachita monong'ona. Amafotokoza, amaweruza, amafanizira za kutali ndi za pakhomo, monga amachitira wokamba nthano madzulo.

Tikudziŵa zonenedwa potsutsa. Ena amati womasulira wotere amapotoza filimu, ndipo nthaŵi zina nzoona. Enanso amati mafilimu ameneŵa amakopedwa popanda chilolezo cha eni ake, ndipo nzoonanso. Koma zifukwa ziŵirizi zikutiuza kuti lusoli lisamalidwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Nyumba ya anthu onse ingathe kupempha chilolezo kwa eni filimu, ingathe kupatsa womasulira nthaŵi yoonera filimuyo kaŵiri kapena katatu asanaime pamaso pa anthu, ndipo ingathe kumukhazika pamodzi ndi mphunzitsi wa chiyankhulo kuti akambirane za mawu ovuta. Tisaiŵalenso kuti mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi amathamanga kwambiri kwa mwana wa sitandade 3 ndi kwa gogo wa maso ofooka. Kwa anthu otere liwu la munthu wamoyo ndilo khomo lokhalo.

6. Zimene Zingachitike

Chitsanzo cha ntchito yofika pamapeto chili kutali ndi chigawo chathu, kumpoto kwenikweni kwa Africa. Mumzinda wa Tangier ku Morocco, nyumba ya kanema ya Rif, ya mu 1938, idakonzedwanso motsogozedwa ndi Yto Barrada, ndipo kuyambira mu 2006 idakhala likulu la Cinémathèque de Tanger. Oikonza sadalekere pa chipinda choonetsera chokha. Adaikamo nkhokwe ya mafilimu akale, laibulale, malo omwera khofi ndi zochitika za ana. Phunziro lake ndi lakuti zimene nyumba idzachite zimaganiziridwa pamodzi ndi makoma ake, chifukwa chimene sichidapatsidwe chipinda ndi ndalama pachiyambi chimavuta kuchiloŵetsa pambuyo. Potengera izi, tikupereka maganizo atatu.

Choyamba, ajambulidwe mawu a anthu amene ankaonerera kanema mu Majestic ufumu wa Sultan usanagwe mu 1964 ndi m'zaka zotsatira. Amene adali ndi zaka 15 pamene nyumba yatsopano inkatsegulidwa adabadwa mu 1940, ndipo tsopano adapitirira zaka 80. Afunsidwe m'Kiunguja, apemphedwe kufotokozanso filimu imene adaikonda monga ankaifotokozera kale, atchule maina amene ankapatsa oseŵera, mipando ndi ogulitsa matikiti. Ntchitoyi njotchipa poyerekeza ndi mtengo wa denga, ndipo oigwira alipo pafupi: yunivesite ya boma ya Zanzibar ili ndi aphunzitsi ndi ophunzira a Chiswahili, ndipo kuli bungwe la BAKIZA loyang'anira chiyankhulochi pazilumbazi. Zojambulidwazo zisungidwe m'nyumba yomweyo, pamene adzukulu a oyankhulawo angazimve.

Chachiŵiri, zilembedwe m'pangano loyendetsera nyumbayo kuti Chiswahili ndicho chiyankhulo choyamba cha zikwangwani, cha ndondomeko ndi cha zokambirana, ndipo alendo azimasuliridwa. Wina anganene kuti ndalama zoyendetsera nyumba zidzachokera kwa alendowo, choncho asavutitsidwe. Ife tikuti mlendo amene waoloka nyanja kudzaona Zanzibar sathaŵa chifukwa chomva Chiswahili, koma mwana wa m'mudzi amabwerera pakhomo akamva Chingerezi chokhachokha. Ndiponso alendo amabwera mwa nyengo, pamene eni mzinda alipo chaka chonse.

Chachitatu, pakhale chipinda ndi malipiro a omasulira, ndipo ntchito yawo ina ikhale yomasulira kuchokera m'chiyankhulo china cha mu Africa kupita m'chinzake. Apa ndi pamene bungwe ngati lathu lingathandize. Filimu ya Vuta N'kuvute ya Amil Shivji, ya mu 2021, yochokera m'buku la Shafi Adam Shafi ndipo yonena za Zanzibar wa zaka za m'ma 1950, idapambana mphoto yaikulu ku Carthage mu 2022. Kuti munthu wa ku Dedza kapena ku Chipata aimve, njira yachizoloŵezi ndi yodzera m'Chingerezi. Chimodzimodzinso Chicheŵa cha mu The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ya mu 2017, kapena cha mu The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, chimafika kwa Mswahili chitavala Chingerezi. Komatu Chiswahili ndi Chicheŵa nzapachibale. Zili ndi magulu a maina ofanana, zimamanga aneni mofanana, ndipo zonse ziŵiri zimadziŵa kulekanitsa moni wa kwa wamkulu ndi wa kwa mnzako. Mwana akati shikamoo kwa agogo ake, Chingerezi chimangopereka moni wamba, pamene Chicheŵa chili ndi njira zake zosonyezera ulemu womwewo. Bungwe la SADC lidavomereza Chiswahili kukhala chimodzi mwa ziyankhulo zake zogwirira ntchito mu 2019. Chigamulo chotere chimafuna malo ogwirikirapo, ndipo chipinda cha omasulira mafilimu ndi amodzi mwa malo amenewo.

7. Mawu Otsiriza

Sitikunyoza ntchito ya amisiri. Denga likapanda kukonzedwa sipadzakhala chokamba chilichonse, ndipo amene adzipereka kupulumutsa Majestic achita chimene mizinda yambiri ya m'chigawo chino idalephera, kumene nyumba za kanema zidasanduka masitolo, matchalitchi ndi mosungira katundu. Chimene tikupempha ndi chakuti akatswiri a ziyankhulo akhale nawo pamene mapulani akukambidwa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife oyankhula Chicheŵa. Liwu lathu loti kanema, limene k wake akufanana ndi wa kinema wa Angerezi akale, poyamba linkanena za chionetsero chimene anthu ankasonkhanira. Wailesi ya kanema itatsegulidwa ku Malaŵi mu 1999, liwuli lidasamukira m'chipinda chochezera, ndipo lero likunenanso za kachithunzi koyenda ka pafoni kamene munthu amaonera yekha. Mwana wa ku Lilongwe akamva liwuli saganizanso za nyumba, za mzere wa matikiti kapena za anthu mazana akuseka pamodzi mumdima. Tsiku likadzafika loti ifenso tikonze imodzi mwa nyumba zathu zakale, mafunso adzakhala omwewa: ndani adzayankhule m'katimo, m'chiyankhulo chanji, ndipo ndani adajambula mawu a okalamba nthaŵi ikadalipo. Funso lotsirizali silifuna kudikira simenti. Aliyense wa ife amene ali ndi ophunzira ndi makina ojambulira mawu angayambe kuliyankha chaka chino, mumzinda wa kwawo.